Tikugulitsa mbuzi kuti tigule feteleza: kodi m'makola mwathu mutsala chiyani?

A Phiri, Chinguluwe

Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino, makamaka akuluakulu amene anayamba kugwira khasu ife tisanabadwe. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya mbuzi ndi feteleza. Chaka chilichonse ikafika miyezi ya Okotobala ndi Novembala, misewu yolowera ku Kamuzu Road ndi ku Thavite imadzaza ndi njinga zonyamula mbuzi, ndipo mukafunsa eni ake, yankho limakhala limodzi, lakuti akufuna ndalama ya feteleza mvula isanagwe. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti panjingapo sipakukhalanso atonde okha monga kale, koma pakukhala mikota ndi misoti, ina mwa iyo ili ndi bere looneka ndi maso.

Kumene vutoli lachokera tonse tikukudziwa. Pamene ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, mlimi ankapereka K4,495 pa thumba la makilogalamu 50, ndipo mabanja oposa 3 miliyoni anapindula. Mtengowo unakwera kufika pa K7,500, kenako pa K15,000, uku chiwerengero cha opindula chikutsika. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza pafupifupi feteleza yense amachokera kunja, thumba la m'sitolo linadutsa K100,000. Munthu amene dzina lake silinatuluke pa mndandanda alibe kwina koyang'ana koma kukhola.

Tikamagulitsa pa nthawi imene mudzi wonse ukugulitsa, amene amatchula mtengo ndi wogula. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, ufa ukatha m'nyumba, timagulitsanso zotsalazo pa mtengo wongotaya. Pofika nthawi yokolola khola lili pululu, ndipo chaka chotsatira tilibe mbuzi yogulitsa, tilibenso manyowa. Ndikupempha maganizo anu: kodi njira imeneyi ikutipulumutsa, kapena tikudya mbewu imene tinayenera kubzala?

Mayi Nabanda, Tembwe

A Phiri, zimene mwanenazi n'zoona, koma ndikupempha kuti tisaweruze anthu amene akugulitsawo ngati kuti sakudziwa kuwerengera. Ine ndine mmodzi wa iwo. Munda wanga ndi wa mchenga, unaguga kalekale, ndipo kaufiti amamera paliponse pamene chimanga chafooka. Ndikabzala popanda feteleza, chimanga chimachita chikasu chisanafike m'chiuno, ndipo zimene ndingakolole sizingafike mwezi wa Ogasiti. Mbuzi ndinaziweta kuti zidzandithandize pa tsiku la vuto, ndipo tsiku la vuto ndi limeneli.

Taganizirani njira zina zimene zilipo kwa mayi wosamala ana ndi zidzukulu. Ndikapita kwa akatapila, ngongole imabwerera kawiri pokolola. Ndikapita kukagwira ganyu m'minda ya anzanga, munda wanga umalowa thengo pa nthawi imene umafuna kupalira. Ku banki m'khonde, miyezi imeneyi aliyense amafuna kubwereka, ndipo ndalama sizikwanira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ine sindingadikire makuponi amene sindikudziwa ngati adzabwere pamene mbuzi ili m'khola mwanga.

Mlangizi wopuma, Salima boma

Ndathokoza a Phiri poyambitsa nkhaniyi, ndipo mayi Nabanda mwayankhula zimene alimi ambiri amabisa mumtima. Ine sindikutsutsa kugulitsa mbuzi, pakuti chiweto chosagulitsidwa chilibe phindu kwa mwini wake. Chimene ndikufuna kuti tikambirane ndi chakuti tigulitse mbuzi iti, ndipo pa nthawi iti.

Mbuzi imatenga bere miyezi 5, ndipo yodyetsedwa bwino imatha kuswa katatu pa zaka ziwiri, nthawi zina mapasa. Mkota umodzi ukachoka m'khola, pachoka ana onse amene akanabadwa, pamene tonde mmodzi amakwanira mbuzi zazikazi zambiri. Choncho ana aamuna ndi amene ayenera kufulidwa akadali aang'ono, kunenepetsedwa ndi kusungidwira msika. Za nthawi yogulitsa, ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mwayi umene maboma ena alibe, chifukwa abale athu achisilamu ndi ambiri ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo pa chikondwerero cha Eid ya nsembe mbuzi zimafunidwa kwambiri. Mu 2024 ndi mu 2025 chikondwererochi chinachitika mu Juni, pamene mbuzi zimakhala zonenepa ndi zotsalira za m'minda, ndipo chaka chilichonse chimabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11. Mlimi amene wagulitsa pa nthawi imeneyo n'kugula feteleza nthawi yomweyo, asanakwere, amapindula kuposa amene wadikira Novembala. Chovuta chake n'chakuti ndalama ikakhala m'manja mu Juni imapeza ntchito zina, n'chifukwa chake ndikunena kuti agule thumbalo msanga, alisunge pouma, pamwamba pa mitengo, osati pansi.

Tsopano ndinene za manyowa, pakuti apa m'pamene ndikuona kuti tikutaya chuma tsiku ndi tsiku. Mbuzi zambiri kuno zimagona m'khitchini, pakhonde kapena m'khola lapansi, ndipo zitosi zake zimasesedwa n'kutayidwa kudzala limodzi ndi mapulasitiki. Khola lam'mwamba, lokhala ndi mipata pansi pake, limagwetsa zitosi ndi mkodzo pamalo amodzi, limateteza ziboda ku chinyezi, ndiponso limachepetsa njoka zam'mimba. Zitosi zimenezo ndi zimene zimafunika popanga manyowa a Mbeya, amene ambiri mwamva. Kapangidwe kamene kamaphunzitsidwa kawirikawiri n'kusakaniza ndowe zouma zosinja, gaga, phulusa ndi makilogalamu 10 a feteleza, kuwaza madzi okwana malita 5, kuika m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba ndi kusunga pamthunzi masiku 21. Mwa njira imeneyi thumba limodzi la feteleza limatulutsa matumba 5.

Komabe ndikuchenjezeni monga munthu amene anagwira ntchitoyi: matumba 5 amenewo sali ndi mphamvu yofanana ndi matumba 5 a m'sitolo. Yureya ali ndi nayitirojeni 46 peresenti, feteleza wokulitsa wa NPK ali ndi 23 peresenti, ndipo ndowe, gaga ndi phulusa sizifika pamenepo ngakhale pang'ono. Phindu la Mbeya n'lakuti feteleza wochepayo amafika munda wonse, nthaka imalandira chakudya chimene feteleza yekha sapereka, ndipo mchenga umayamba kusunga chinyezi. Munthu wothira Mbeya ayenera kuthira wochuluka pa phando kuposa mmene amathirira feteleza wamba. Amene amakuuzani kuti ndi chozizwitsa chochulukitsa feteleza sakukuthandizani.

Mayi Nabanda, Tembwe

Zikomo alangizi. Funso langa ndi la gaga. Chaka cha njala gaga timadya ndife anthu, ndipo ku chigayo amagulitsidwa kwa a nkhumba ndi a nkhuku pa mtengo wokwera. Kodi pamenepo tingatani?

Mlangizi wopuma, Salima boma

Mayi, chaka chotero musalimbane ndi Mbeya, chakudya cha ana chikhale patsogolo. Pangani manyowa a kompositi ndi mapesi, masangwi a mtedza, udzu, masamba aawisi ndi ndowe, kuyambira mu Meyi kapena Juni kuti adzakhale atapsa pofika nthawi yobzala. Thirani pa phando, osati kumwaza munda wonse, ndipo feteleza wochepa amene mwapeza mumusungire kubereketsa. Ndi bwino kusamala theka la ekala mokwanira, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mbewu imodzi pa phando lililonse pa masentimita 25, kusiyana ndi kuwaza thumba limodzi pa maekala awiri.

A Mwale, Mwansambo

Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Kuno kwa Mwansambo ndi ku Zidyana takhala tikuchita ulimi wa mtayakhasu kwa zaka zambiri, kuyambira pamene mabungwe a zaulimi a Total LandCare ndi CIMMYT anakhazikitsa minda yachitsanzo. Sitigalauza nthaka, timaphimbira ndi mapesi, ndipo timasinthanitsa chimanga ndi mtedza kapena khobwe. Ng'amba ya El Niño itafika mu 2024, pamene mtsogoleri wa dziko analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, kusiyana kunaoneka ndi maso: chimanga cha m'minda yophimbira chinapirira masiku ambiri pamene cha m'mizere yopanda chophimba chinali chitapota masamba.

Koma ndikufuna kuti alangizi aone kuti malangizo awo ndi athu akulimbirana chinthu chimodzi. Mapesi omwewo akufunika kuphimbira nthaka, akufunika kupanga kompositi, akufunikanso kudyetsa ng'ombe ndi mbuzi m'chilimwe. Ine ndikayala mapesi mu Meyi, pofika Sepitembala theka ladyedwa ndi ziweto za anthu ena, ndipo lotsalalo anyamata osaka mbewa amalitentha usiku umodzi. Chiswe nachonso chimatenga gawo lake. Choncho pamene a Phiri akulira kuti mbuzi zikutha m'makola, ena a ife tikulira kuti mbuzi zomwezo zikutha nthaka yathu. Nkhani ya kusunga mbuzi singalekanitsidwe ndi nkhani ya kumene mbuzizo zikudya.

Amake Asiyatu, kwa Maganga

A Mwale mwandiyankhulira. Ife amayi a kuno timadalira dimba m'chilimwe, timathirira tomato, mpiru, chimanga chachiwisi ndi nyemba, ndipo ndalama yake ndi imene imagula feteleza wa kumunda waukulu. Mbuzi zikangomasulidwa pambuyo pokolola, ntchito yathu imasanduka kulondera. Mpanda wa minga umatenga masabata kumanga, mitengo yake ikusowa, ndipo mbuzi imodzi ikapeza mpata, bedi lonse la mbande limatha m'mawa umodzi. Usiku timalimbana ndi mvuu zochokera kunyanja, masana timalimbana ndi mbuzi za anansi athu.

Alangizi akhala akutiuza kuti tibzale nandolo pamodzi ndi mtedza kapena chimanga chifukwa masamba ake amabwezera chonde m'nthaka. Uphunguwo ndi wabwino, koma nandolo amakhwima mochedwa, mu Ogasiti kapena Sepitembala, pamene mbuzi zili kale m'minda. Chinangwa nachonso chimakhala m'munda chaka chonse, ndipo zikachidya masamba ndi kukungudza mitengo yake, mbewu ya chaka chamawa imasowa. Ku chigawo cha kummwera anthu amakolola nandolo chifukwa ziweto sizitayiriridwa chisawawa. Kodi ife chimatikanika n'chiyani? Ukapita kukadandaula kwa mwini mbuzi, amakuyankha kuti chilimwe ndi nthawi ya ziweto kuyambira kale, ndipo ukalimbikira umasanduka munthu woipa m'mudzi.

Nyakwawa, kwa Khombedza

Ndayamba ndapereka ulemu kwa nonse. Milandu ya mbuzi ndi minda ndi imene imafika pabwalo langa kuposa ina iliyonse, choncho ndiloleni ndinenepo.

Mwambo womasula ziweto pambuyo pokolola sunali wopusa. Makolo athu ankalima kamodzi pa chaka, minda inkakhala yopanda kanthu kuyambira Juni mpaka mvula, madambo anali aakulu, ndipo ziweto zikamadya mapesi zinkasiya ndowe m'minda momwemo. Lero anthu tachuluka, madambo amene ng'ombe zinkadya asanduka madimba ndi minda ya mpunga, malo ena analowa mzimbe, ndipo boma lenilenilo likutilimbikitsa kulima kawiri kapena katatu pa chaka. Mwambo unatsala pamene unali, koma kalimidwe kanasintha.

M'mudzi mwathu tinakhala pansi ndi kugwirizana kuti ziweto zikhale ndi mbusa kapena zimangidwe chaka chonse, ndipo mwini chiweto chimene chawononga mbewu alipire. Kulemba lamulolo kunali kosavuta, koma kulitsata ndi kumene kuli ntchito. Wodandaula ndi wodandaulidwa nthawi zambiri amakhala pachibale, wina ndi mlamu wa mnzake, wina ndi mtsibweni. Abusa a kale anali ana, ndipo lero anawo ali kusukulu, kumene tonse tikufuna kuti akhale. Mudzi woyandikana nawo ukapanda kulandira lamulo lomwelo, mbuzi zawo sizidziwa malire. Ndaona kuti zimayenda pokhapokha nkhaniyi ikakwera kwa a gulupu ndi kwa mfumu yaikulu, kuti dera lonse liyendere lamulo limodzi. Ndiponso tisaiwale kuti mbuzi yomangidwa mu Okotobala, pamene udzu wapsa, imafa ndi njala ngati mwini wake sanasunge chakudya.

Agogo aamuna, Matenje

Amfumu anena mawu omaliza aja mwachidule, koma ndi pamene pagona nkhani. Ine ndakalamba ndikuweta, ndipo chimene chimadyetsa mbuzi zanga m'chilimwe ndi msangu. Mtengo umenewu Mulungu anatipatsa wochuluka kuno ku Salima. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba chimanga, ndipo chimanga cha pansi pake chimakhala chobiriwira ngakhale osathira kanthu. M'chilimwe umaphuka ndi kugwetsa nyemba zake, zimene mbuzi ndi ng'ombe zimakonda kwambiri. Ana anga, misangu imene mukuidula kuti muotche makala ndi kuwotchera njerwa ndiyo feteleza ndi chakudya cha ziweto chimene mukuchifuna pa gulu lino. Ikamera yokha m'munda, muzilambalala ndi khasu.

Masangwi a mtedza musawasiye kumunda kuti apse ndi moto. Aumitseni pamthunzi, muwaike pa thandala kapena padenga la khola, pamodzi ndi makoko a nyemba ndi mapesi. Ndikuthokoza mdzukulu wanga amene akundilembera mawuwa pa foni.

Wakatemera wa ziweto, Benga

Zikomo agogo, mawu anu tawasunga. Ine ndimayenda m'midzi kupereka katemera wa nkhuku, ndipo ndikufuna kuwonjezera mbali imene sinatchulidwe. Ziweto zimene timagulitsa chifukwa cha feteleza n'zochepa poyerekeza ndi zimene zimafa ndi matenda opeweka.

Ndiyambe ndi nkhuku, chifukwa banja limene lili ndi nkhuku zokwanira silithamangira kugulitsa mbuzi pa vuto laling'ono monga sopo, makope a ana kapena ulendo wa kuchipatala. Chitopa chimasesa midzi chaka chilichonse, makamaka nyengo yotentha, pamene katemera wake wa I-2 amapangidwa konkuno ku Malawi, ku Lilongwe, ndipo ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu kapena mwanapiye, miyezi 4 iliyonse. Mtengo wa dontholo sufika ngakhale pa mtengo wa dzira. Vuto limene ndimakumana nalo n'lakuti anthu amandiitana nkhuku zitayamba kale kuodzera ndi kupinda makosi. Katemera sachiza, amateteza nkhuku imene isanadwale, ndipo ikafa yodwala kale anthu amanena kuti katemera ndiye wapha.

Kwa a nkhumba, chigodola chilibe katemera kapena mankhwala kuno kwathu. Chitetezo chake ndi khola lolimba, kusalola anthu ogula kulowa m'khola, ndi kusabweretsa pakhomo nyama ya nkhumba yosadziwika kumene yachokera. Nkhumba zikayamba kufa, ambiri amathamangira kupha ndi kugulitsa zotsala, ndipo ndi mmene matendawa amafikira mudzi wina.

Mbuzi nazo zimavutika kwambiri m'dzinja. Timazimangirira pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, zimadya udzu wonyowa pamene zanyerapo, njoka zam'mimba zimachuluka, ndipo ana ambiri amafa ndi kutsegula m'mimba. Kusintha malo omangirira, kudikira mame aume, ndi kumwetsa mankhwala a njoka kumayambiriro ndi kumapeto kwa mvula kumapulumutsa ana ambiri. Ife oyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota tili ndi vuto linanso la kashembe, amene amafalitsa kaodzera kwa anthu ndi matenda owondetsa ng'ombe, pamene madibi ambiri amene makolo athu ankasambitsirako ng'ombe pofuna kupha nkhupakupa anasiya kugwira ntchito.

A Phiri, Chinguluwe

Achimwene a ku Benga, kodi katemerayo munthu wa kumudzi wopanda firiji angamusunge bwanji?

Wakatemera wa ziweto, Benga

A Phiri, ubwino wa I-2 n'ngwakuti amapirira kutentha kuposa akatemera ena, koma si kuti aziikidwa padzuwa. Ife timamunyamula atakulungidwa m'kansalu konyowa, m'kadengu kolowa mphepo, ndipo botolo likatsegulidwa liyenera kutha m'masiku ochepa. N'chifukwa chake ndi bwino kuti mudzi wonse ugwirizane tsiku limodzi, nkhuku zisatsegulidwe m'mawa umenewo, ndipo botolo lithere pomwepo. Funsani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu kuti akulumikizeni ndi wakatemera amene ali pafupi.

A Banda, Dwangwa

Ndawerenga maganizo onse ndipo ndikufuna kufunsa funso limene mwina ena salikonda. Kodi n'chifukwa chiyani tikugulitsa chiweto chimene chimapirira chilala ndi madzi, kuti tigule feteleza wa mbewu imene imafa ndi zonse ziwiri? Kumapeto kwa Febuluwale 2024, pamene anzathu a maboma ena ankalira ng'amba, ife kuno madzi anasefukira, mtsinje wa Dwangwa unalowa m'midzi, anthu zikwizikwi anathawira m'misasa, ndipo minda yothira kale feteleza inakwiririka ndi mchenga. Chaka chomwecho nyanja inakwera n'kumiza minda ya mpunga ndi madimba a m'mphepete. Amene anagulitsa mbuzi mu Novembala anataya mbuzi ndi chimanga chomwe. Amene anakwanitsa kuthawitsira mbuzi zawo kumtunda anali ndi poyambira.

Onjezanipo mbozi za ntchemberezandonda zamtundu watsopano zija, zimene zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017 ndipo sizinachokenso. Nyengo yathu yotentha ya kunyanja imazikomera, ndipo chifukwa timabzala chimanga m'madimba chilimwe chonse, sizisowa chakudya. Timathira dothi, phulusa, madzi a masamba a nimu, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere, ndipo zimathandiza ngati wayendera munda msanga mbozi zikadali zazing'ono, koma zikalowa mkati mwa nsonga ngakhale mankhwala a m'sitolo amavutika.

Ife a ku Nkhotakota tinakulira kondowole. Chinangwa sichifuna thumba la K100,000, chimadikira m'nthaka mpaka tsiku limene ukuchifuna, ndipo chimapirira ng'amba. Chili ndi mavuto ake, khate ndi matenda owoletsa mizu, amene amafala kwambiri tikamapatsana mbewu yodwala, monga mmene chisaka chinathera nthochi zathu kuchokera m'zaka za m'ma 1990. Koma mankhwala ake ndi mbewu yaukhondo ndi kuzula zodwala, osati ndalama zakunja. Sindikunena kuti tisiye chimanga. Ndikunena kuti munda wa chimanga uchepe kufika pamene tingathe kuudyetsa, ndipo malo otsalawo alowe chinangwa, mbatata, mtedza, soya ndi mpunga kumene madzi alipo, monga ku Bua ndi ku Lifuwu.

Mayi Nabanda, Tembwe

A Banda, maganizo anu ndi omveka kwa munthu wa kunyanja amene anazolowera kondowole, ndipo sindikuwatsutsa onse. Koma ndikuuzeni chifukwa chimene ife timakakamira chimanga. Ndikalima mtedza kapena soya kuti ndidzagule chimanga, ndimagulitsa mu Meyi ndi Juni pamene mavenda adzaza m'midzi ndi masikelo awo, ndipo ngakhale boma limalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, kumudzi kuno palibe amene amaiyang'anira. Wina amakuuza kuti mtedza wako uli ndi chuku, wina akuti sunaume, ndipo chifukwa mwana akudikira fizi, umapereka. Ikafika Febuluwale, chimanga chimene ndikufuna kugula chakwera kawiri kapena kuposa. Chimanga chimene chili m'nyumba mwanga sichikwera mtengo kwa ine.

Palinso nkhani ya akuba imene palibe waitchula. Mbuzi zathu zimagona m'nyumba osati chifukwa sitidziwa ubwino wa khola lam'mwamba, koma chifukwa khola la panja limathyoledwa usiku, ndipo pofika m'mawa nyama ili kale pa chiwaya kutali. Mnansi wanga anamanga khola labwino monga alangizi anenera, ndipo mbuzi zake zonse zinapita usiku umodzi. Munthu amene waona zimenezo amaganiza kuti kuli bwino agulitse yekha kusiyana n'kuwetera wakuba.

Mlangizi wopuma, Salima boma

Mayi Nabanda, mfundo ziwirizi n'zolemera, ndipo palibe mlimi amene angazithetse ali yekha. Za msika, nthawi imene ADMARC inali ndi mphamvu mavenda ankakakamizika kuyandikira mtengo wake, koma bungweli lakhala likufooka kwa zaka zambiri, mpaka linaimitsidwa mu 2022 kuti likonzedwenso. Chimene chatsala m'manja mwathu ndi kugulitsa pamodzi kudzera m'makalabu ndi m'makopaletivi, ndi sikelo yathuyathu, ndiponso kusunga mbewu miyezi ingapo m'matumba osalowa mpweya a PICS, amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Za chuku, mtedza ukumbidwe pa nthawi yake, uumitsidwe bwino usanalowe m'thumba, ndipo tisiye kuuwaza madzi pofuna kuti usendeke msanga kapena ulemere, pakuti chizolowezi chimenecho ndi chimene chimawononga mbiri ya mtedza wathu ndi thanzi la ana athu omwe.

Za akuba, mbuzi yobedwa imagulitsidwa chifukwa pali wogula amene safunsa. Chiweto chochoka dera lina kupita lina chimayenera kukhala ndi kalata, ndipo nyama yogulitsa kwa anthu imayenera kuyezedwa ndi alangizi a ziweto. Amfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi atalimbikira kuti wopha mbuzi aliyense aonetse kalata ya mfumu ya kumene wagula, msika wa akuba ungachepe.

Amake Asiyatu, kwa Maganga

Amfumu a kwa Khombedza, ndikupempha kuti mutilembere pano mfundo za lamulo la m'mudzi mwanu monga mmene munagwirizanirana. Amayi a kalabu yathu ya dimba tikufuna kupita nazo kwa amfumu athu mwezi uno, mbande za tomato zisanawokedwe. Ndikufunanso kudziwa kuti amene amayesa kukula kwa zowonongeka ndani, chifukwa kwathu kuno mkangano umayambira pamenepo.

Nyakwawa, kwa Khombedza

Mayi, ndikulemberani mmene tinagwirizanirana. Chiweto chilichonse chikhale ndi mbusa, chimangidwe kapena chikhale m'khola, dzinja ndi chilimwe chomwe. Mwini munda akapeza chiweto m'mbewu zake asachimenye kapena kuchivulaza, koma achigwire pamaso pa mboni ndi kupita nacho kwa mfumu tsiku lomwelo. Zowonongeka zimayesedwa ndi anthu atatu, mlimi wotsogolera wa m'mudzi, nduna imodzi ya mfumu ndi mayi mmodzi wosankhidwa ndi amayi anzake, ndipo onse awiri, mwini munda ndi mwini chiweto, amakhalapo. Malipiro amatha kukhala ndalama, mbewu kapena ntchito ya m'munda wowonongekawo, chifukwa tikaumiriza ndalama yokha munthuyo amagulitsa mbuzi yomweyo, ndipo tabwerera ku vuto limene a Phiri ayamba nalo. Wotentha mapesi m'munda wa mnzake amaweruzidwa mofanana ndi mwini chiweto.

Chimene sitinachithetse ndi ng'ombe za anthu a kutali zimene zimadutsa m'dambo mwathu popita kukamwa madzi ku mtsinje. Eni ake si anthu anga, abusa ake ndi aganyu amene sangalipire kanthu, ndipo njira yakale ya ng'ombe inalimidwa. Nkhaniyi tinaipereka kwa a gulupu kuti akumane ndi mafumu a mbali inayo ndi kupatula njira yatsopano. Mukapita kwa amfumu anu, muwapemphe kuti ayambe aitana eni ziweto paokha ndi kumva madandaulo awo lamulo lisanawerengedwe pagulu, ndipo mutenge agogo ngati a ku Matenje aja, amene angawaonetse kasungidwe ka chakudya cha m'chilimwe.